Kamushafuti Yaikulu ya Chiutsi

Inu amene manja alefuka, tamvani izi.

Thiraki inatuluka mu galaja ikutsokomola. Utsi bii! Mtsikana makaniko anaponda buleki. Buleki gwa, ngati mwala. Thiraki pa geti phwa! Msewu wonse kukamwa yasa.

Galajayo anasiya ndi malemu bambo ake. Thirakiyo inali ya bambo ake aang'ono, yonyamulira njerwa, ndipo iwowo ndiye ankayang'anira za malemu. Bambo aang'onowo anagwira m'mutu.

"Mwana iwe! Ndinati uyipatse mphamvu, osati uyiphe! Ikapanda kudzuka, muno ndilowetsamo ogulitsa matayala."

Owotcherera zitsulo a pafupi anafa nacho chiseko. "Mwaswera bwanji, a Chiutsi?" Dzina linamumatirira mtsikanayo.

Chimene anaika mu injini chinali kamushafuti yatsopano, chitsulo cha timabampu chotsegula ndi kutseka mavavu kuti injini ipume. Anasankha ya mabampu akuluakulu. Chachikulu ndiye champhamvu, ankatero, ndipo anadzitama nayo msewu wonse.

Choncho sanaikayikire. Anasintha mapulagi oyatsa petulo, anadanso ndi mwaye. Anatsuka mainjekita opopera petulo. Utsi womwewo. Anasintha sensa yoyeza mpweya. Analumikiza kompyuta ya injini, kuchepetsa apa, kuwonjezera apo. Injini inkangonjenjemera ngati ya malungo.

M'mawa wina anazula paipi yochokera ku injini kupita ku mabuleki. Anatsekapo ndi chala, injini ikulira. Imayenera kuyamwa chalacho mwamphamvu. Inangochinyambita.

Anakhala pansi, pa oyilo pomwepo.

Mfiti inali kamushafuti yake yomwe. Ija ndi ya magalimoto a mpikisano. Imasiya mavavu ali yasa nthawi yaitali, ndiye injini ikamalira pang'onopang'ono siyamwa mpweya mokwanira. Kompyuta imayesa kuti thiraki yalemedwa, n'kumathira petulo wosefukira. Mabuleki nawo amadalira kuyamwa komweko.

Anaichotsa masanasana, owotcherera akuona.

"Aa, a Chiutsi! Mfumukazi ija mwaithamangitsa?"

"Ndinakwatitsa hatchi kwa bulu," anayankha, maso ali pa sipanala.

Anasankha ya mabampu aang'ono, yokoka katundu injini isanakuwe. Anabwerera pa kompyuta. Kusintha kamodzi, kuyesa, kumvetsera. Kusinthanso. Mapulagi anayamba kutuluka oyera.

Bambo aang'ono anabwera ndi wa matayala, tepi yoyezera ili m'manja. Anapeza thiraki yapakiridwa njerwa mpaka pamwamba.

"Kwerani, bambo."

Anakwera atagwira chitseko, okonzeka kulumpha. Thiraki inakwera chitunda osatsokomola. Potsika Chiutsi anaponda buleki. Inaima nji!

Bambo aang'ono anatsika, nasuzumira kumbuyo. Utsi palibe. Ananunkhiza. Palibe.

"Ndi yangadi iyi?" Kenako kwa wa matayala: "Achimwene, pindani tepiyo."

Lero pa geti latsopano palembedwa kuti KWA CHIUTSI. Mathiraki amachita kudikirana.

Inunso, chimene chikukutsamwitsani mwina n'chomwe munadzitama nacho. Chizuleni, ngakhale anthu akuona. Akuseka asekebe. Mtima wokhawo musautaye.