Telala wa Mfumu Dikirani

Amuna anga anali telala, koma musandifunse chimene anandisokera. Ndinakhala nawo kuyambira ndili namwali mpaka mano kundithera m'kamwa, ndipo ngakhale batani limodzi sanandiikirepo. Si ulesi ayi, munthu uja ankadzuka limodzi ndi nkhuku. Linali lamulo.

Kwathu kuno kunali mfumu yomwe inakana kufa. Agogo anga anabadwa ilipo, agogo awonso anaipeza ili ndi imvi kale. Anthu amati imfa itabwera kudzaitenga, mfumuyo inali pa mlandu, ndiye inangotuma wapakhomo kuti akaiuze idikire panja. Imfayo, poti ndi yaulemu kuposa ife, inakhala pabenchi n'kumadikira. Dzina lenileni la mfumuyo linaiwalika. Tonse tinkangoti Mfumu Dikirani, koma chapansipansi.

Ndisainamizire, ntchito inagwira. Nkhondo inathetsa ndi iyoyo. Mlatho waukulu wa pamtsinje, zitsime za m'misewu, msika wofolera, zonsezo zinachokera m'mutu mwake. Koma inaikanso lamulo loti chinthu chatsopano chisayambike iyo isanavomere, kaya ndi msewu, kaya ndi zenera lachiwiri panyumba yako. Ili ndi mphamvu, lamuloli silinkapweteka, chifukwa inkayankha tsiku lomwelo. Itakalamba, makutu atagontha, yankho linatsala limodzi, lija linaipatsa dzina.

Kuseri kwa nyumba yachifumu, pafupi ndi pochapira, kunali kachipinda ka zenera limodzi. Munali tebulo lalitali, mpando wothyoka mwendo wochirikiza ndi njerwa, ndi mtengo wopingasa pomwe pankapachikidwa mkanjo wofiira, wolemera ngati bulangete lonyowa. Umenewo ndiwo inayenera kudzavala mfumu yotsatira pa tsiku lolowa ufumu. Anausoka agogo a agogo awo a amuna anga. Lamulo linkati mkanjowo uzikhala wokonzeka nthawi zonse, wokwana bwino thupi la mlowam'malo, ndipo telala wake asalowetse singano m'nsalu ina iliyonse mpaka utavalidwa. Bambo akatha maso, mwana wake ankalowa pampando wothyoka uja.

Tsono alowam'malowo anali anthu ngati ife. Ankakalamba. Mwana wa mfumu akanenepa ndi kukhala, telala ankamasula misoko n'kukuza mkanjo. Akaonda ndi matenda, ankaubweza. Akamwalira, pankabwera mdzukulu, wamtali kapena wamfupi, ntchito n'kuyambiranso, kupinda m'munsi, kupindula, kusuntha mapewa. Amuna anga anayeza alowam'malo angapo, ndipo onsewo anakawaperekeza kumanda.

Tsiku lodzandifunsira anabwera ndi nsalu yobiriwira ya timaluwa toyera, atayikulunga bwino m'pepala.

"Iyi ndidzakusokerani ndekha," anatero. "Diresi loti msewu wonse udzatembenuke. Mfumu yatsala madzi amodzi, ine ndimaiona tsiku lililonse. Chaka chino sichitha."

Atachoka, mayi anga anaigwira nsaluyo n'kupukusa mutu. "Mwana wanga, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mawu amenewa bambo ake anauzanso mayi ake, ndipo mayiwo anapita m'manda ndi diresi logula."

Ine ndinamva ngati akulankhula ndi khoma. Mnyamatayo anali ndi zala zazitali, zofatsa, ndipo akamaseka ankaphimba pakamwa. Ndinaika nsaluyo pansi pa bokosi, ndipo mwezi uliwonse ndinkaitulutsa kuiyanika pamthunzi kuti njenjete zisalowe.

Mulungu anatipatsa mwana mmodzi, wamkazi. Zovala zake zonse zinali za telala wa pakona pamsika, munthu wosoka manja aatali mosiyana. Kuchitsime amayi anzanga sankandisiya. "Taonani mkazi wa telala wa mfumu, m'khwapa muli pamtunda!" Ndinkaseka nawo, nanga n'kutani, koma pobwerera ndowa inkalemera kawiri.

Mwanayo atapeza banja, anagwada pamaso pa bambo ake. "Ababa, sindikupemphani zambiri. Diresi la ukwati lokha."

Bambo akewo anapita kwa nduna kukapempha chilolezo. Nduna inapita kwa mfumu. Yankho mukulidziwa.

Tsiku limenelo ndinalusa. "Inu bambo, sokani mobisa! Titseka chitseko, titseka zenera. Akuonani ndani? Mfumu yanuyo ngakhale mphuno yake siiona!"

"Mayi, kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono yanuyo inafera m'chigoba kalekale! Mwana wanu akukwatiwa Loweruka!"

Anangoyang'ana zala zawo. "Bambo anga sanaphwanye, agogo anga sanaphwanye. Ndikaphwanya ine, ndiye kuti onsewo anadikira pachabe."

Mwana anakwatiwa ndi diresi lobwereka, lomuthina m'chifuwa, ndipo anasamukira kutsidya kwa mtsinje. Potsanzika anandikumbatira ine, bambo ake anangowapatsa nsonga za zala. Mawa lake ndinatenga nsalu yanga ija, ndili ndi mtima woti ndikaisoketse kwa wa pakona uja, ngakhale manja adzasiyane. Ndinafika mpaka pakhomo pake, makina akulira m'katimo. Ndinaimirira pamenepo ngati chitsiru, kenako ndinabwerera. Mpaka lero sindidziwa ngati chinali chikondi kapena matenda omwewo a dziko lino.

Pajatu matendawo anatigwira tonse. Mlatho unachita ming'alu, amisiri anauyang'ana n'kupita kukapempha mawu. Zitsime zina zinagumuka, anthu anangoyamba kutunga kutali. Kuno denga likadontha timasuntha bedi. Ana ankakula osaonapo maziko a nyumba akukumbidwa. Amuna anga nawo maso anayamba kuchita nkhungu, moti ulusi ndinkawalowetsera ndine m'mawa, masingano angapo, n'kuwabaya pa kolala ya malaya awo kuti awakwanire tsiku lonse.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina la msika, dzuwa lili pamutu, wapakhomo anapeza mfumu itauma pampando, dzanja lili m'mwamba ngati ikuuza wina kuti adikire. Kaya imfa inatopa ndi benchi, kaya inangokumbukira chomwe inadzera. Mzinda wonse unangoti zii. Panalibe wodziwa maliridwe a mfumu, popeza onse amene anaonapo maliro otere anali fumbi kalekale.

Mlowam'malo wa nthawi imeneyo anali nkhalamba yoyenda ndi ndodo, munthu amene moyo wake wonse anaugwiritsa ntchito kukhala pakhonde. Pa tsiku lomuveka ndinadzipanikiza mpaka kutsogolo. Ndinaona amuna anga akutuluka atanyamula mkanjo pamikono iwiri ngati khanda, nkhope ikuwala ngati tsiku lija la nsalu yobiriwira. Anamuveka. Unamukwana ndendende, paphewa, m'chiuno, m'munsi, ndipo ine mtima unandigunda ndi kunyada.

Kenako mfumu yatsopanoyo inakweza dzanja kuti ipereke moni. Paphewa panamveka kuti pwee. Ulusi sunaduke ayi, ulusi wa amuna anga sunkaduka. Inali nsalu yeniyeniyo. Mibadwo yonse ija ya kumasula ndi kubweza inaiboola timabowo tosawerengeka m'mbali mwa misoko, mpaka inatsala ngati sefa. Dzanja la mkanjo linatsetsereka n'kugwa pansi. Nkhalamba itatembenuka kuti ione, kumsana nakonso kunatseguka.

Wina anaseka kumbuyo, ena anatsatira, kenako kuseka kunazima kokha. Amuna anga anawerama n'kutola dzanja lija, akulisasa fumbi. Nduna inafunsa mfumu kuti titani. Mfumuyo inacheukira mpando wa malemu uja n'kunena kuti, "Tidikire kaye."

Nduna inatembenukira kwa amuna anga. "Kuvalidwa wavalidwa. Atelala, lamulo lakwanira. Pitani kwanu, kasokeni zomwe mukufuna."

Tinabwerera kunyumba. Titafika, ndinatsegula bokosi, ndinatulutsa nsalu yanga n'kuiyala patebulo lodyera. Timaluwa tija tinali toyerabe.

"Bambo, zakumeneko zisiyeni. Ngongole yanu ndi iyi."

Anamwetulira, dzanja pakamwa. Anatenga tepi yawo n'kundiyeza, koyamba chikwatiranireni, zala zija zikuyenda pamapewa anga, m'chiuno, mpaka m'maondo.

"Mwachepa, mayi."

"Ndatha n'kudikira. Fulumirani ndisanatheretu."

Analemba mizere ndi choko. Anatenga sizasi, anaitsegula, anaiika m'mphepete mwa nsalu. Ndinadikira kumva kulira kwake. Dzanja linangoima pamenepo. Anaisunthira mbali ina, linaimanso. Atadzutsa mutu, maso ankhungu aja anali odzaza misozi.

"Mayi, kodi amayambira pati?"

Ndinayesa nthabwala. Sinali nthabwala. Bambo awo anawaphunzitsa kumasula, kukuza, kubweza ndi kupinda, zomwenso iwo anaphunzira kwa bambo awo. Wodula nsalu yatsopano womaliza m'banja limenelo anali amene anasoka mkanjo uja. Sizasi ya amuna anga inkangodziwa ulusi.

"Dulani paliponse!" ndinakuwa. "Ikhote, ipotoke, manja asiyane, ndivala! Ndivala ngakhale ituluke thumba!"

"Nanga ikawonongeka? Ndi imodzi yokhayi. Mwaisunga moyo wanu wonse." Anatseka sizasi pang'onopang'ono. "Ndiganize kaye. Mawa."

Ndinatuluka kukalirira kuseri kwa nyumba, ndipo ndinatukwana mfumu yakufa ija mokweza, ndi dzina lake lachipongwe, popanda wondiletsa. Inatimangira mlatho, inde, koma inatidya manja.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankandiyeza, kulemba mizere, kutsegula sizasi, kenako kufufuta chokocho ndi chikhatho. Ndinawauza kuti akaphunzire kwa wa pakona. Anapita kamodzi, anaima pakhomo pomwe ndinaima ine paja, anabwerera. Nthawi yozizira itafika anayamba kutsokomola, ndipo tsiku lina nditabwerako kotunga madzi ndinawapeza atatsamira patebulo, tsaya lili pansalu, tepi ili m'khosi.

Mwana wathu anabwera pa bwato, poti mlatho anali atautseka. Analira kuposa momwe ndinkayembekezera. Ataona nsalu ija anati, "Amayi, ndithamange nayo kwa telala wa pamsika. Akuchitirani msangamsanga, muvale pamaliro. Ababa akanakondwa."

Ndinaiyang'ana. Mizere yawo yomaliza inali ikuonekabe, mapewa anga, chiuno changa, zoyezedwa bwino kuposa za mfumu iliyonse.

"Ayi," ndinatero. "Anati adzasoka okha."

Tinawasambitsa, tinawakulunga m'nsalu yobiriwirayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Inawakwana bwinobwino. Sipanafunike kudula paliponse.