Mbande za Aneba Athu

Aneba athu kuno ku Phalula ndi bambo okalamba, ndipo amakhala okha. Miyezi yozizira, dzuwa likapendeka, amatsikira kudimba akutsimphina kukafunditsa udzu mbande zawo za matimati. Amakonda kunena kuti, "Chisanu sichiodira pakhomo."

Mwezi wathawu anyamata a chipani anawagwira pamsika chifukwa anaiwala khadi la chipanicho kunyumba, mpaka anagona komweko. Pobwera m'mawa anapeza mbande zonse zitapsa ndi chisanu.

Ndinawatsatira kudimbako. "Pepani, bambo. Mufesanso?"

Anakhala pansi n'kumasisita mawondo. "Iyayi, aneba, ine ndatopa."

Kenaka anandifunsa osandiyang'ana n'komwe: "Kodi mbewu ija ndinakugawirani chaka chatha, inatsalako?"