Mawu a Apongozi Ali ndi Rozaria

A Tobias Muhome amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa msewu wotsika kuchokera ku Michesi. Anthu a ku Nazombe amawadziwa ngati munthu wosalankhulalankhula. Ndi ochepa amene amakumbukira kuti pa unyamata wawo ankaseketsa anthu mpaka kugwira nthiti.

Masiku amenewo achinyamata a kutchalitchi kwawo anali ndi sewero lomwe ankachita chaka ndi chaka pa Khirisimasi. Linali la mkamwini amene mvula inamupeza panjira, n'kuthawira m'kachisakasa ka kumunda, osadziwa kuti apongozi ake akuusa mvula momwemo. Poti mwambo suwalola kupenyana, awiriwo ankayankhana atafulatirana, aliyense akunamizira kulankhula ndi khasu lake. Mkamwini anali Tobias. Apongozi anali mtsikana wina wamfupi, Rozaria, amene ankadzola phulusa kumutu kuti aoneke waimvi. Patapita zaka zitatu awiriwa anakwatirana, ndipo anthu anawaseka nthawi yaitali kuti Tobias wakwatira apongozi ake.

Anakhala limodzi zaka makumi atatu ndi zinayi. Chaka chatha a Rozaria anagwa kudimba, mbali imodzi n'kufa ziwalo, lilime n'kulemera. Mwana wawo Kate anadzawatenga kupita nawo ku Lilongwe, kufupi ndi chipatala. A Tobias anatsala okha pakhomo. Akaimba foni amalankhula ndi Kate yekha, poti a Rozaria ankachita manyazi ndi mmene mawu awo ankatulukira.

Tsiku lina m'mawa kunabwera Mayi Thandiwe, mphunzitsi wa pa sekondale yoyendera ya m'deralo, akukankha njinga yophwa tayala. Pamene a Tobias ankamata chubu, mayiwo anali kutembenuza mapepala uku akupuma mozama.

"Kodi mayeso ayandikira, Madamu?" anafunsa a Tobias.

"Si mayeso, bambo. Ahedi akufuna sewero loseketsa pa tsiku la makolo, loti agogo ndi adzukulu aonere pamodzi popanda wozyolika. Ndili ndi atatu a m'mabuku, koma onse ndi a Chingerezi. Makolo aseka chiyani? Limene alemba ana asukulu ndiye lachipongwe chokhachokha."

A Tobias anaviika chubu m'beseni, n'kuyang'ana m'madzimo kwa kanthawi.

"Linalipo lina kale," anatero.

Anawafotokozera. Pofika pa makasu aja Mayi Thandiwe anali akupukuta misozi ya phwete. Anafunsa kuti pepala lake lili kuti, koma pepala kunalibe, poti sewerolo silinalembedwepo. Anagwirizana kuti a Tobias azipita kusukulu Lachitatu lililonse masana, iwo azinena, Madamu azilemba.

Mawu a mkamwini anatuluka onse ngati anawanena dzulo. Koma atafika poti apongozi ayankhe, a Tobias anangoti kukamwa yasa. Ankakumbukira mmene Rozaria ankakokera mpango kumaso, ndi mmene ankasinthira n'kuyamba Chilomwe akapsa mtima, koma mawu enieniwo anali atawathawa. Zaka zonse zija iwo ankangodikira kuti anthu amalize kuseka kuti anene awo.

"Tingopeka ena," anatero Mayi Thandiwe.

"Ayi, Madamu. Mwini wake alipo."

Lamlungu ataweruka kutchalitchi anaimbira Kate.

"Ika foni pakhutu pa amayi ako."

"Ababa, mukudziwa kuti amakana."

"Iwe ika. Sindikuwafunsa za matenda."

Anamva kupuma kwa mkazi wawo. Anakonza kukhosi, n'kutulutsa mawu aja a mkamwini wonjenjemera: "Khasu langa, kodi mvulayi ikata liti?"

Kunali zii. A Tobias anaganiza kuti foni yaduka. Kenako kunamveka mawu okoka, liwu lililonse likutuluka movutikira: "Khasu langa, uuze khasu linzakolo kuti muno mukudontha ngati m'nyumba imene mwini wake anafolerera mwana wanga."

A Tobias anakhala pansi pakhonde. Anamva Kate akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Zinatenga masabata anayi kuti a Rozaria apereke mawu onse, awiri kapena atatu pa tsiku, Kate akubwereza pamene sanamveke bwino. Koma mawu ena anakana kuwapereka, ati ndi okhwima kwa ana asukulu.

Tsiku la makolo holo inadzaza mpaka m'mawindo. Apongozi anali Princess wa Folomu 3, mtsikana wamtali wothamanga pakamwa. Anthu anaseka kwambiri, amayi ena achikulire akumalizira okha mawu amene anawamva ali atsikana. A Tobias anakhala kumbuyo, chipewa chili m'manja. Mtsikanayo anachita bwino, koma sankadziwa kudikira. Rozaria ankayamba wakhala chete mpaka anthu atopa, kenako n'kulasa.

Madzulo ake a Tobias anaimba foni n'kuwauza a Rozaria zimenezo.

"Mukanamuphunzitsa," anatero a Rozaria.

"Ine ndimadziwa za mkamwini zokha."

Kuyambira pamenepo a Rozaria amalandira okha foni Lamlungu. Salankhula zambiri. Amafunsa za mvula, za amene wamwalira, za amene wakwatiwa. A Tobias awalonjeza kuti akangokolola nandolo atseka pantchito n'kukwera basi. Nandoloyo panopa wangoyamba kumene maluwa.