Munda wa pa Kalata ya Viza

Ndinaganiza zochoka tsiku limene ndinapeza chiswe chitayamba kudya satifiketi yanga ya zaulimi m'sutikesi. Zaka ziwiri chimalizireni sukulu ndinali ndikugulitsabe tomato pa Uraha, mtima uli m'malere. Ndiye famu ina ya ndiwo zamasamba ku Amereka itandilola kukaphunzira ntchito kwa chaka chimodzi, sindinafunse maganizo a munthu.

Koma viza si masewera. Pasipoti, kalata ya ku famu, mapepala akusukulu, chithunzi chosamwetulira, zonsezo ndinasonkhanitsa. Chinatsala chimodzi: umboni woti ndidzabwerera kwathu. Mnzanga amene anakanizidwa kawiri anandichenjeza kuti mtsikana wosakwatiwa, wopanda mwana, wopanda ntchito, amamuona ngati wothawa. "Uwaonetse chinthu chokukokera kumudzi," anatero.

Ndinapita kwa achimwene anga a Chawanangwa, amene akuyang'anira minda chimwalirireni bambo. Ndinawapempha kalata yonena kuti munda wa kumtsinje, uja wa nthochi m'mbali, ndi wanga. Anaseka n'kusayina osawerenga n'komwe. Ku Lilongwe, ku ofesi ya viza, mayi wa kuseri kwa galasi anandifunsa chimene ndidzachite ndikamaliza. Ndinamufotokozera za mundawo, kumene ndidzakokere madzi, pamene ndidzafese anyezi, mpaka ndinaiwala kuti ndikuchita mantha. Ndikaganiza lero, ndimaona kuti woyamba kukhulupirira kalata ija sanali iyeyo. Ndinali ine.

Kunja kuja ndinavutika, ndisaname. Tinkagwira ntchito m'nyumba zapulasitiki, zala zitauma ndi kuzizira, ndipo munthu amatha kukudutsa osakupatsa moni ngati ndiwe mtengo. Mauthenga a kumudzi ankayamba ndi moni wa "muli uli" n'kuthera pa feteleza. Ndinkatumiza ndalamazo, nthawi zina ndikung'ung'udza. Lamlungu linkanditalikira kwambiri. Ndinkakhala pabedi n'kumajambula munda uja m'kope, mzere ndi mzere, kufufuta, kujambulanso.

Viza itatsala pang'ono kutha, anzanga awiri anazemba n'kukalowa mumzinda. Mmodzi anandiimbira kuti wandipezera ntchito yosamalira nkhalamba. "Ukukatani kwanuko?" anandifunsa. Ndinamuyankha monyada kuti ine ndili ndi munda. Ndinagula timapaipi tothirira mbewu modontheza, n'kusiya nsapato zina kuti tikwane m'chikwama.

Ndinafika pa Uraha Lachinayi, Lachisanu m'mawa ndinali kale kumtsinje. Ndinapeza chinangwa chofika m'chiuno, kuyambira ku nthochi mpaka kumalire. Achimwene anali momwemo, akupalira.

"Adumbu," ndinawaitana monga mlongo amaitanira mchimwene wake kwathu kuno, "nanga munda wanga?"

Anatsamira khasu. "Wako uti?"

Ndinatulutsa kalata ija, itatha m'mopinda. Anaiyang'ana, kenako anandiyang'ana ine, mwachifundo ndithu, osati mwankhanza.

"Iyi inali ya azungu, mdumbu wane. Ntchito yake inagwira, si unapita? Iwe ndiwe NyaMhango. Munda wako uli kumene udzakwatiwe."

Pa pasipoti ndine Mhango, chimodzimodzi iwowo. Kuno dzina la mwana wamkazi limayamba ndi Nya, ndipo moyo wanga wonse ndinkalimva ngati ulemu. Tsiku limenelo ndinamva kuti limatanthauzanso munthu wodikira ulendo. Ndinapsa mtima, ndinalira, ndinakadandaula kwa amayi. Iwo anangoti, "Ndimo viliri, mwana wane," kuti ndi mmene zilili, n'kupitiriza kusenda chinangwa.

Papita miyezi isanu. Timapaipi tija tili pansi pa bedi, m'sutikesi momwe munali chiswe. Ndabwerera pa tomato. Minibasi iliyonse yopita ku Chilumba, njira ya ku Lilongwe, ikaima, miyendo imandiyabwa.

Sabata yatha famu ina inandiyankha, ndipo ndayambanso kusonkhanitsa mapepala. Dzulo ndinakhala pakhonde, zonse zili pamwendo, nditafika pa funso lomwe lija la chimene chidzandibwezere kwathu. Achimwene akuchokera kumunda anasuzumira, nazindikira mapepalawo.

"Ukufunanso kalata ya munda?" anafunsa mokondwa, akupukuta dothi m'manja. "Bweretsa ndisayine."