Khoma la Pakati pa Mabatani ndi Nsapato

Pa nkhani yonenerera lendi, ine ndine katswiri. Mwini nyumba wina nditakambirana naye anatuluka akulira, n'kuyamba kundilipira iyeyo mwezi ndi mwezi kuti ndizikhala m'nyumba mwake. Chabwino, limenelo ndi bodza. Sindinachitepo lendi ngakhale khola la nkhuku. Komabe mwana wa mlongo wanga atandipempha kuti ndimuperekeze kokakambirana ndi mwini nyumba ya shopu yake, ndinavala jekete.

Mwanayu timamutcha Kabatani. Amagulitsa ulusi, mazipi, singano ndi mabatani m'kachipinda kopanikiza moti kasitomala akafuna kusintha maganizo amayamba watuluka panja. Anayamba ndi thireyi pakhonde, pang'onopang'ono mpaka kupeza kauntala. Salankhulalankhula. Munthu akabwera ndi malaya oduka batani, iye amangoyang'ana kamodzi, dzanja lalowa kale m'botolo loyenera. Chaka chino anayamba kuoda nsalu, koma mipukutu inalibe pokhala. Ankaiunjika pansi, chinyezi n'kumaidya m'mphepete.

Chipinda choyandikana nacho chinali chotseka. Munkagwira ntchito wosoka nsapato, mwamuna wa mayi mwini nyumbayo, ndipo chimwalirireni bamboyo loko sanakhudzidwe. Kabatani ankafuna chipindacho, koma pamodzi ndi chilolezo choboola khoma la pakati. Popanda podutsira, munthu mmodzi sangayang'anire zipinda ziwiri.

Mayiwo anabwera ndi kiyi masana. Chitseko chitatseguka, fungo la guluu ndi chikopa linatilonjera ngati mwini wake wangopita kukagula misomali. Nsapato zosatengedwa zinandanda pashelefu, zonse zitaloza kukhomo. Kampando kake kanali kakadali ndi dzenje pakati, nyundo ili patebulo, chogwirira chitaloza kumpandoko. Ngakhale ine, amene mawu anga amadzutsa agalu a tsidya lina la msewu, ndinapezeka ndikunong'ona.

Kabatani anayamba bwino. Anapempha pangano la zaka, osati la mwezi ndi mwezi, komanso kuti lendi isakwere pakatikati. Denga likadontha akonze ndi mwini nyumba, penti ndi mashelefu zikhale zake. Mayiwo ankangogwedeza mutu.

"Nanga khomali, ukadzachoka udzamanganso?" anafunsa.

"Tilembe m'pangano, mayi. Njerwa ndi pulasitala, zonse ine."

Kiyi uja anayamba kusendera patebulo kulowera kwa Kabatani. Apa ndinaona kuti jekete yanga sinagwire ntchito.

"Mayi," ndinatero, "lendi itsike ndithu. Ndani wina angalowe muno? Ine ndi makutu angawa ndimamva malemu akutsokomola kuseri kwa khoma. Tsiku lina anayetsemula mpaka mabatani onse kukhuthuka pashelefu."

Ndinkadikira kuti atsitse mtengo. M'malo mwake anandiyang'ana ndi maso amene sindikufuna kuwaonanso, maso a munthu wanjala.

"Mumawamva?" Dzanja lawo linaphimba kiyi. "Ine kunyumba ndimatchera khutu, kuli zii. Kani ali kuno. Ayi, sindingawatulutse. Chipindachi sichili pa lendi."

Ndinaganiza za nsalu zija zikuvunda pansi. Kabatani sanandiyang'ane n'komwe. Anayang'ana khoma.

"Satsokomola, mayi," anatero motsitsa mawu. "Amagogoda."

Mayiwo anakhala pakampando kaja osazindikira.

"Akafuna kutuluka pang'ono, ankamenya khomali ndi nyundo kuti ndiziwaonera shopu. Ine ndinkayankha ndi sizasi. Mpaka lero, dzuwa likafika pamutu, ndimamva. Kaya ndi mapaipi, kaya ndi mutu wanga, sindikudziwa. Koma ndimayankha."

Analoza pambali pa tebulo. Pulasitala anali atakumbika, kadzenje kongokwana chikhatho, kakuda ndi polishi. Mayiwo anaikamo zala. Panja galimoto zinkadutsa, koma phokoso lake linkamveka ngati likuchokera kutali kwambiri.

"Ndiye wakhala ukuwaonera shopu nthawi yonseyi, mwana wanga."

"Sanandiuze kuti ndisiye."

Mayiwo anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, kenako mawu awo anabwerera aumwini nyumba.

"Boola, koma cha kumapeto uko. Apa pasakhudzidwe, pasapakidwe penti, pasatsamire shelefu. Zimenezi zilembedwe m'pangano. Nsapatozi eni ake akabwera uziwapatsa. Lendi ndi yomwe ija, sikutsika."

"Ndamva, mayi."

Anamuika kiyi m'manja, n'kumufumbatitsa.

Titatuluka, dzuwa linali phwee koma msana wanga unali zii. Tinayenda mpaka pa kona, pomwe mtima wanga unabwerera m'malo mwake, lilime nalo n'kutsatira.

"Waona nzeru za amalume ako? Zonse zija ndinachita dala kuti mayiwo afewe. Ndipo kugogodako nanenso ndimakumva, kungoti sindinkafuna kukuopseza."

"Mumakumva mukakhala pati?"

"Pampando wako uja wa pambali pa kauntala. Mwezi wathawu ndinachita kudumpha mpaka mutu kugunda denga."

Kabatani anaima, akugubuduza kiyi m'chikhatho.

"Amalume, mpando umenewo ndinauchotsa malemu asanayambe n'kudwala komwe."