Dzira Lili mu Radiyeta, Petulo Kulibe

Sabata ino ndadyetsa galimoto dzira. Musaseke, inenso sindikumvetsa.

Galimotoyo ndi ya amalume anga a ku Joni. Ndi yofiira, ya zitseko ziwiri, yotsika ngati ikununkhiza pansi. Anaisiya pabwalo pathu ku Mufakose chaka chatha atasowa petulo wobwererera, iwo n'kukwera basi. Pochoka anandiuza kuti, "Iwe sukulu unasiya, ntchito ulibe. Undisungire iyi. Ndikadzaipeza ili bwino, tidzapitira limodzi." Ndiye mukaiona galimotoyo, mwaona njira yanga yotulukira muno. Amalumewo akubwera Loweruka.

Lolemba ndinapeza pansi pa galimotoyo panyowa.

Kulowa pansipo n'kosatheka, ngakhale mphaka amachita kukwawa. Jeke wa aneba anakana kulowa. Ndinangokankhirapo katoni kuti ndione chikudonthacho chikugwera pati. Kutacha ndinaitulutsa ili ndi madontho osiyana: lakuda pakati, lobiriwira kutsogolo, lina lopanda mtundu pafupi ndi tayala.

Ndinaitana Bambo Mbewe, amene ankayendetsa lole ku Southerton fakitale yawo isanatsekedwe. Anapaka chala, kununkhiza, kunyambita.

"Lakudali ndi oyilo wa injini. Lobiriwirali likutsekemera, ndi madzi a mu radiyeta."

"Nanga ili, bambo?"

"Likakhala loterera, ndi mafuta a mabuleki. Likakhala losaterera, ndi galu."

"Ndiye ndi chiti?"

"Likuterera pang'ono."

Ali chilawire, Mayi a Chipo anakuwa ali kuseri kwa mpanda: "Mukunyambita chiyani, achikulire? Paipi ya suweji yaphulikanso, madzi ake akudutsa pomwepo!" Bambo Mbewe analavula mpaka kutuluka misozi. Ndiye katoni yanga inanyowa kuchokera pamwamba kapena pansi? Sindikudziwa.

Tandiuzani, m'dera ngati lino munthu angadziwe bwanji chimene chikudontha? Suweji ikudontha. Denga la ku kiliniki likudontha. Aphunzitsi anga anadontha mmodzimmodzi mpaka kuwoloka malire, n'chifukwa chake ndili pano kulondera galimoto. Chosadontha ndi mpopi wokha.

Ndipo tonse tasanduka amakaniko. Wina akuti mata sopo pabowo. Wina akuti thira ufa. Wina akuti tsabola, wina madzi opempherera. Sopoyo ali kuti? Ufawo uli kuti? Mankhwala onse a galimoto ndi zinthu zimene ife eni ake tikugona osaziona.

Bambo Mbewe atatsuka m'kamwa anagamula. Oyilo akudontha pang'onopang'ono, angadikire. Za mabuleki ndidzawachenjeze amalume asanatuluke pageti. Koma radiyeta ikauma panjira, injini imapsa, ulendo n'kuthera pomwepo.

"Dzira limodzi basi," anatero. "Likapsa m'katimo limatseka bowo."

M'nyumba munalidi dzira limodzi. Mlongo wanga Esinati, amene amagulitsa tomato ku Mbare Musika, anachita kusinthanitsa ndi tomato wake kuti amayi adye, poti angodzuka kumene pa matenda a m'mimba. Ndinalitenga. Mumtima ndinati ndikafika ku Joni ndidzawatumizira thireyi yonse ya mazira.

Ndinaliswa, n'kulithira mu radiyeta.

"Eya," anatero Bambo Mbewe. "Tsopano liza injini, itenthe."

"Ndilize ndi chiyani?"

"Mulibe petulo?"

"Bambo, ikanakhala ndi petulo bwenzi ili pano?"

Anakanda mutu, kenako anakumbukira kuti ali ndi msonkhano kutchalitchi.

Munthu wamkulu angaiwale bwanji kuti m'dziko muno mulibe petulo? Nanga ine, amene ndimaona mzere wa magalimoto akufa pa filingi siteshoni tsiku lililonse, ndinaiwala bwanji? Mwina umu ndi momwe tikukhalira tonse: kuthira mankhwala m'chinthu chimene sichingalire, n'kumadikira kuti chichire.

Dzuwa la mwezi uno mukulidziwa. Dziralo likuwola m'katimo, ndipo katoni yanga yapeza dontho latsopano, lachikasu, lokondedwa ndi ntchentche. Esinati sakundiyankhula. Amayi sanakalipe, anangofunsa ali chigonere kuti, "Yakhuta galimoto yakoyo?"

Amalume atumiza uthenga kuti akubwera ndi chigubu cha petulo, ndilongedze zovala. Chikwama ndalongedza, koma sindikudziwa ngati ndichiike pakhomo kapena pansi pa bedi. Amene akudziwa andiuze Loweruka lisanafike: dzira lowola likapsa, limatsekabe bowo?