Soneti Imene Anati Ndinaba

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali Fomu 3 pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Mtakataka, mwezi wa Okutobala, malata akuthetheka ndi dzuwa. Mphunzitsi wathu wa Chingerezi anali a Kamwendo, bambo wamtali amene sankavula tayi ngakhale thukuta litsikire m'khosi. Sabata imeneyo ankatiphunzitsa kayendedwe ka ndakatulo za Chingerezi: phatikizo lopepuka, kenaka lolemera, kasanu pa mzere umodzi. Ankamenya desiki ndi rula, ta-TAM, ta-TAM, ife n'kumavomera ngati achule a m'dambo. Anzanga ankaona ngati chilango, koma ine zinandikomera.

Kenaka anatiuza za soneti, ndakatulo ya mizere khumi ndi inayi: ndime zitatu za mizere inayiinayi, ndi mizere iwiri yotsekera. Analengeza kuti amene alembe yabwino adzakailakatula pa mpikisano wa masukulu ku Mua. Ndinatsimikiza kuti ameneyo ndikhale ine.

Ndinalimbana nayo sabata yathunthu. Ndinkawerenga maphatikizo pa zala uku ndikuyanika usipa pa thandala la amayi, mpaka kope langa linkanunkha nsomba. Ndinalemba za achimwene anga amene anapita ku Joni osatsanzika. Mawu ena ankakana kulowa mu mzere, ndinkafufuta mpaka pepala kubooka. Amayi anandiyang'anitsitsa tsiku lina.

"Iwe Esinati, ukulankhula wekha n'kumawerenga zala, mutu uli bwinobwino?"

Ndinapereka Lolemba. Lachitatu a Kamwendo anandiitanira kutsogolo, pepala langa lili m'manja. Ndinapita ndikumwetulira, poganiza kuti akufuna kundiyamikira.

"Wakopera m'buku liti?"

"Sindinakopere, aphunzitsi. Ndalemba ndekha."

"Mwana wa pa thandala la usipa angalembe zoterezi? Ngakhale ine zimandipatsa thukuta."

Kalasi yonse inaphulika ndi phwete. A Kamwendo analemba mawu oti ndaba ndi bolopeni yofiira, kudutsa pamwamba pa mizere yonena za achimwene anga, n'kundituma kukatchetcha udzu kuseri kwa zimbudzi. Ndinatchetcha misozi ikugwera pa chikwakwa. Sindinkalira chifukwa cha matuza a m'manja ayi.

Mawa lake ndinachita chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Ndinagogoda ku ofesi ya aphunzitsi n'kupempha kuti andipatse mutu uliwonse ndilembe iwo akuona. A Kamwendo anafuna kundithamangitsa, koma a Nambewe, mphunzitsi wa sayansi, anadzutsa mutu nati, "Mpatseni mpando mwanayo, tione." A Kamwendo anandipatsa mutu wa njanji. Ndinakhala pakona, fungo la choko ndi tiyi lili m'mphuno, ndipo belu lisanalire ndinali nditamaliza ndime ya mizere inayi. A Kamwendo anatenga rula n'kuyamba kumenya tebulo, mzere ndi mzere, kusaka potsimphina. Anabwereza kawiri. Sanapeze.

"Bwerera m'kalasi," anatero, osandiyang'ana.

Basi. Sanapepese, ndipo kalasi imene inandiseka sinauzidwe kanthu. Ku Mua kunapita mwana wa wapampando wa komiti ya sukulu, ndi soneti ya mizere khumi ndi itatu. Ndinaiwerenga ndekha mizereyo, katatu konse. Nditawadandaulira amayi, anangopukusa mutu nati aphunzitsi salakwa, ndisiye matama.

Zaka zambiri pambuyo pake ndinakumana nawo a Kamwendo pa siteji ya minibasi ku Golomoti, atakalamba, akuyendera ndodo. Anandigwira mkono n'kuuza anthu amene analipo kuti, "Uyu ndi mwana wanga, ndakatulo ndinamuphunzitsa ndine." Ndinawapatsa moni monga ndinaleredwera.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mwana akanamiziridwa kusukulu, amayi ake amamanga nsalu n'kukaima pakhomo pa ahedi mpaka nkhani itamveka. Ena amati ana a lero alibe mwambo, makolo akuwalekerera. Mwina n'zoona. Koma ine ndinali mwana wamwambo, ndinakhala chete monga anandiuzira, ndipo lero ndili ndi imvi ndikudikirabe mawu amodzi okha: pepa.